Chimene Chinkatsamwitsa Galimoto ya Alamu

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anagula galimoto m'zaka za Chitaganya, nthawi imene munthu wakuda akadutsa ali pachiwongolero cha galimoto yakeyake anthu m'Limbe ankasiya zochita n'kumamuyang'ana. Anali ndi kantini ya tiyi ndi masikono pafupi ndi msika, komanso anali mkulu wa mpingo, wa jekete lakuda ndi mawu okoma pamaliro. Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina amene ankasamukira ku Halale. Inali yakuda, yamsana wozungulira, yachikale koma yosamalika. Ine ndinali makaniko pagalaja ina mumzindamo, ndiye atabwera nayo ndinaimvetsera injini n'kuwauza kuti sanawapusitse. Kuchokera tsiku limenelo alamu anasiya kundipatsa moni wapakamwa. Tikakumana pamsewu ankangondiimbira hutala.

Nsanje ndinalibe. Chimene chinkandinyansa n'chakuti bambo wamkulu, wa ana anayi, anasanduka mwana. M'mawa uliwonse ankatsegula boneti, osati kuti aone oyilo kapena madzi, koma kuti anthu opita kuntchito aime. Akaima ankayamba kuwaphunzitsa: apa ndi pamene imamwera, apa ndi pamene imapumira, apa ndi pamene pamachokera moto. Zonsezo anamva kwa ine, koma ankazinena ngati galimotoyo anaiumba okha. Ndiponso m'tauni nkhani sibisika. Kangapo konse ndinaiona galimotoyo ikulowera njira ya ku Nancholi, kumpando wakutsogolo kutakhala mayi wa duku lowala amene sanali achemwali anga. Ndinatseka pakamwa, poti sindinafune kukhala ine woyatsa moto m'banja la mlongo wanga.

Pakhomo pa alamuwo, m'munsi mwa phiri la Mpingwe, pankakhalanso amayi athu. Anachoka kwathu ku Chiromo madzi atakokolola nyumba ndi munda womwe, bambo atatisiya kale. Kumudziko kunangotsala abale apatali, a mtundu uja wokupatsa moni wautali koma osakulowetsa m'nyumba. Sindinganame kuti amayi anali nkhalamba yofatsa. Ankanunkhiza fodya tsiku lonse, ankalavula pamene afuna, ndipo kuzizira kwa ku Limbe ankakutukwana ngati n'kwa munthu wowachitira dala. Koma anali amayi anga, mwendo umodzi wotupa, maso atayamba kuchita chidima, ndipo kwina kowasunga kunalibe. Ine ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja pamodzi ndi amuna anzanga, kumene bwana sankalola munthu wamkazi ngakhale kuponda pakhonde.

Amayi ndi alamu sankalankhulana. Sikuti anadana, unali mwambo chabe: mpongozi ndi mkamwini sapenyana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi. Amayi akamva nsapato za alamu ankazembera kuseri kwa khitchini, alamu akaona amayi panjira ankapatuka. Chilichonse chimene wina ankafuna kuuza mnzake chinkadutsira mwa achemwali. Ulemu umenewo ndinakula nawo ndipo sindinkaona vuto lake. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti munthu amene sulankhula naye ukhoza kumunenera chilichonse, iye osapeza poyankhira.

Lamulungu lina kunagwa chiperoni, ndipo achemwali anachonderera amuna awo kuti amayi asayende wapansi kupita kutchalitchi ndi mwendo wotupawo. Alamu anavomera monyinyirika. Amayi anakhala kumpando wakumbuyo atadzifunditsa chilundu kumutu konse, alamu anapotoza kagalasi koonera kumbuyo kuti maso asakumane, ndipo anakafika popanda wolankhula. Sabata yomweyo galimoto inayamba kudwala. Injini inkadumphadumpha, pachitunda inkafooka, kumbuyo inkasiya utsi wakuda, ndipo petulo inkamwa ngati pali wina akuiba. Alamu sanabwere kwa ine. Anapita kwa amakaniko a pansi pa mtengo, amene anawagulitsa mapulagi atsopano n'kuwatsanzika ndi manja awiri. Inayenda bwino masiku ochepa, kenaka matenda anabwerera kuposa poyamba.

Tsiku lina masana anzanga anandiuza kuti pageti pali mayi akundifuna. Anali achemwali, mwana ali kumbuyo, ataima kunja kwa waya.

"Achimwene, alamu anu akuti amayi abwerere kumudzi. Akakwere sitima Loweruka la sabata yamawa."

"Alakwa chiyani?"

"Akuti galimoto ija."

"Galimoto yatani?"

"Akuti chikwerereni amayi sinayendenso bwino. Akuti pansi pa chilundu paja sakudziwa chimene ankachita."

Ndinayamba ndaseka, kenaka kuseka kunandithera m'kamwa. Mkulu wa mpingo! Munthu woimirira kutsogolo Lamulungu lililonse n'kumadzudzula anthu oyenda kwa asing'anga, lero injini yatsokomola wathamangira kutchula mpongozi wake mfiti. Ndipo sakanatha n'komwe kuwauza pamaso. Anatuma mwana wa mwini wakeyo kuti akanene.

"Ndiye inu mwawayankha chiyani?"

Achemwali anayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi. Ndinaganiza kuti ndi manyazi chifukwa cha amuna awo, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinawauza kuti ndibwera Lamulungu ndi zipangizo, ufiti umenewo ndidzautulutsa ndi sipanala, ndipo amayi sapita kulikonse. Sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anangoti, "Mwina musavutike," n'kukonza mwana kumbuyo, ulendo.

Alamu anali munthu wosalola ngakhale kuchapa mpango tsiku Lamulungu, koma atandiona ndikulowa pampanda ndi bokosi la zipangizo lamulolo linathera pomwepo. Galimoto inali pansi pa mtengo wa mango, yopukutidwa mpaka kumawala, ngati kuwalako n'kumene kungaichiritse.

"Alamu, mwabwera kudzataya nthawi," anatero. "Izi si za masipanala."

"Tiione kaye."

"Anzanu aiona kale. Zinthu izi inu anyamata a m'tauni simuzidziwa."

"Anzanga ake ati, ogulitsa mapulagi aja? Tailizani timve."

Analiza. Injini inadzuka monyinyirika, thupi lonse la galimoto likugwedezeka, ikuyenda motsimphina. Fungo la petulo wosapsa linandilowa m'maso mpaka misozi. Ndinaika chikhatho pafupi ndi paipi ya utsi, chinabwerako chakuda bii. Ndinawauza kuti azimitse, ndinamasula mapulagi onse n'kuwayala panyuzipepala.

Pulagi sinama. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye kuti m'kati zonse zili bwino. Ikayera mbee, petulo akuchepa. Ikanyowa ndi zakuda zonata, oyilo akukwera kumene sayenera kufika. Amenewa anali okutidwa ndi mwaye wouma, wochoka ndi chala, onse chimodzimodzi. Injini imafuna mpweya wambiri ndi petulo pang'ono. Petulo akachuluka kuposa mpweya moto sumaliza kumutentha, mwaye umakuta pulagi, ndipo pulagi yokutidwa imaphonya moto. Kudumphadumpha kuja n'komweko. Mapulagi atsopano anangothandiza mpaka nawonso atada. Ndinawafotokozera alamu zonsezi mwachifatse, ndikuwaonetsa chala changa chakudacho.

"Nanga wachulukitsa petuloyo ndani?" anafunsa.

Ndinaluma mano n'kuwerama pa injini. Ndinayamba ndi choki, kawaya kaja timakoka m'mawa injini ikazizira. Nthawi zina kamakakamira n'kusiya khomo la mpweya lotseka. Kanali kubwerera bwinobwino. Kuti ndifike pa kabuleta, pamene petulo ndi mpweya zimasakanikirana, ndinayenera kuchotsa kaye mphika wosefera mpweya umene umakhala pamwamba pake. Ndinaumasula wathunthu n'kuuika paudzu osautsegula, monga timachitira tonse maganizo akakhala ali patsogolo. Ndinaphwasula kabuleta. Fuloti, kachiwiya koyandama m'petulo, ndinaigwedeza pakhutu kuti ndimve ngati yabooka n'kumwa petulo, koma inali yopepuka, youma. Kasingano kotseka petulo kanali kosadyeka. Majeti, timabowo todutsa petulo, ndinawauzira n'kuwapenya padzuwa, ndipo palibe amene anawakuza ndi waya monga amachitira amisiri aulesi. Ndinatsuka zonse, ndinapala mapulagi, ndinabwezera chilichonse pamalo pake. Cholakwa sindinachipeze, ndipo thukuta limene linayamba kundituluka silinali la dzuwa. Alamu anali chiimire pambali panga, manja kumbuyo, akumwetulira.

Nthawi yonseyi amayi sanali pakhomo. Anali atapita kukakhala kwa anansi, kuthawa kukhala pabwalo limodzi ndi mkamwini.

"Lizaninso," ndinatero.

Injini inadzuka kamodzi. Inatulutsa utsi wakuda pang'ono, kenaka utsi unatha, ndipo inayamba kuyenda mosalala monga tsiku lija ndinaimvetsera koyamba. Ndinakoka waya wa mafuta ndi dzanja, inayankha mwamphamvu.

"Ufiti wanu uja ndi umenewu," ndinawauza alamu, ngakhale mumtima sindinkadziwa chimene ndakonza.

Tinazimitsa. Ndinanyamula mphika uja paudzu, ndinaubwezera pamwamba pa kabuleta n'kuumanga. Ndikutseka boneti amayi anatulukira pampanda, ndodo ili m'manja. Ataona kuti mkamwini akadali pabwalo anafunda chilundu n'kudutsa cham'mbali kupita kuseri kwa khitchini. Alamu anawatsatira ndi maso a pansipansi. Tinakwera kuti tikayese pamsewu, koma sitinafike n'komwe pachitunda. Mphamvu zinaithera, utsi wakuda unati tolo kumbuyo, kutsimphina kuja kunabwerera. Tinatembenuka n'kukwawa kubwerera pansi pa mango.

Alamu sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatsika mwakachetechete, anapukuta manja ndi mpango woyera, n'kulankhula ndi mawu awo a pamaliro aja.

"Alamu, maso muli nawo. Kulibe, yayenda. Abwera, yadwala. Ine ndinenenso chiyani?"

Anatulutsa njinga yawo yakale n'kupita kumsonkhano wa akulu a mpingo.

Ndinakhala pamwala, mtima ukuwira. Ndinabwera kudzapulumutsa amayi, m'malo mwake ndawapatsa alamu umboni m'manja. Nditakhazikika pang'ono ndinadzifunsa chimene chinasintha pakati pa kuliza kumene inayenda bwino ndi kotsatirako. Zinali ziwiri zokha: amayi anabwera, ndipo mphika unabwerera pamalo pake. Ndinadzuka, ndinaumasula, ndinapukutanso mapulagi, ndinaliza. Injini inayenda mosalala, amayi ali pomwepo, poti atamva kuti mkamwini wachoka anatulutsa mphasa n'kukhala pakhonde ndi kabotolo kawo ka fodya. Ndinauika mphikawo pamwamba osamanga, injini inatsamwa. Ndinauchotsa, inapuma.

Mphika umenewu uli ndi chivundikiro chomangidwa ndi nati ya mapiko, yomasula ndi zala zokha. M'kati mumakhala oyilo pansi ndi waya wopiringizika wogwira fumbi. Ndinkayembekezera kupezamo fumbi la m'misewu ya Limbe litamatana ndi oyilo, mwinanso chisa cha makoswe. Nditakweza chivundikiro, fungo linandikankhira kumbuyo. Pantchito yanga ndagwirapo zonyansa zambiri. Ndinagonapo pansi pa lole yonyamula nsomba, madzi ake akundidonthera kumaso. Ndinatulutsapo mphaka wofera m'injini. Koma ichi chinali china. Pakhosi polowera mpweya panali chimpukutu chachikulu ngati chibakera, chokanikizidwa ndi mphamvu, chitamwa oyilo n'kufufuma mpaka kutseka njira pafupifupi yonse. Ndinachikoka ndi pulayala n'kuchigwetsa panyuzipepala. Chinali chomangidwa ndi ulusi wakuda. Nditadula ulusiwo munatuluka mizu, tsitsi, zikhadabo zowenga, ndi buluzi wathunthu, wowola, wophikidwa ndi kutentha kwa injini mpaka mimba kuphulika. Madzi ake anandiyenderera m'zala. Ndinathamangira kumpanda n'kusanza zonse zimene ndinadya tsiku limenelo.

Nditabwerera m'pamene ndinaiona bwino nsalu yokulungirayo. Pansi pa oyilo inkaonekabe: yobiriwira, ya timaluwa toyera. Ndinaigula ndine kwa amwenye nditangoyamba ntchito, n'kuwapatsa achemwali. Anasoketsa diresi, ndipo chidutswa chotsala ankachisunga m'sutikesi.

Achemwali anali ataima pakhomo la khitchini ndi kapu ya tiyi imene anandikonzera.

"Ichi n'chiyani?"

Anayang'ana chimpukutu chija panyuzipepala.

"Achemwali, ndikufunsa inu. Ichi n'chiyani?"

Yankho linachokera kwa amayi pamphasa, akulankhula ndi achemwali. "Ndinakuuza kuti uike pansi pa mpando, iwe. Pansi pa mpando! Za m'makina unazidziwira kuti?"

Ndinatembenuka kuwayang'ana amayi. Anali akupukuta mphuno ndi nsonga ya chilundu, osatekeseka n'komwe.

Nkhani yonse inatuluka pakati pa misozi ya achemwali. Za mayi wa ku Nancholi ankazidziwa kalekale. Chibwerereni galimoto amuna awo ankafika pakhomo akununkhira sopo wa kwina. Anadandaula kwa amayi, ndipo amayi anawalozera kwa sing'anga wina kuseri kwa phiri. Sing'angayo anati buluzi sachoka pakhoma la nyumba, ndiye galimoto yonyamula buluzi sidzachokanso pakhomo kupita kwa akazi. Anawauza kuti akaike mankhwalawo pamene galimotoyo imapumira. Amayi anaona kuti pansi pa mpando m'pokwanira, koma achemwali anafuna kutsatira malangizo ndendende, ndipo pamene imapumira ankapadziwa bwino, poti ankamva phunziro la amuna awo m'mawa uliwonse akusesa pabwalo. Anamasula nati ija tsiku lina amunawo ali kubafa, sabata yomwe amayi anakwera galimoto.

"Komatu agwira ntchito," anatero amayi. "Chiikireni, ku Nancholi yapitako? Munthuyo wakhala akugona pakhomo."

Sindidziwa ngati ndinakwiyapo chonchija m'moyo wanga. Sabata yonse ndinakhala ndikumutukwana mlamu mumtima chifukwa chonamizira nkhalamba yosalakwa, kusadziwa kuti pakhomo ponsepo panalibe ndi mmodzi yemwe wa manja oyera. Mwamuna wachigololo wonyamula Baibulo, mkazi wolowetsa buluzi m'injini, mayi wolozera njira ya kwa sing'anga. Ndinanyansidwa nawo onse atatu, koma kwambiri achemwali.

"Inu mukudziwa kuti munaika ndinu. Mwamva amuna anu akutchula amayi anu mfiti. Mwayenda mpaka kugalaja kudzandiuza za sitima. Nthawi yonseyi pakamwa muli chete?"

"Akadziwa andisiya ukwati, achimwene."

"Ndiye amayi apite kukafera ku Chiromo kuti inu mukhale pa ukwati wa munthu woyenda ndi akazi?"

Ndinakulunga zonyansazo m'nyuzipepala n'kunena kuti alamu akabwera adzazipeza patebulo pawo, pambali pa Baibulo.

"Ukatero usadzanditchulenso kuti amayi ako," anatero amayi, ndipo nthabwala inali itawathera. "Mwamuna akamva kuti mkazi wamuikira mankhwala, ukwati umatha tsiku lomwelo. Atuluke ndi ana anayi apite nawo kuti? Kuseri kwa galaja kwako?"

"Nanga inuyo mupita kuti?"

"Ine ndakalamba, mwanawe. Kutentha kwa kwathu ndinakuzolowera. Kuno kukundipha ndi kuzizira."

Ankanama, ndipo tonse tinkadziwa. Ndinawayang'ana achemwali. Ndinkadikira kuti anene kuti ayi amayi, ndinena ndekha, zikhale mmene zingakhalire. Ndinadikira mpaka manyazi anandigwira ine m'malo mwawo. Anaika kapu ya tiyi pansi n'kuti, "Achimwene, chonde." Kenaka analowa m'nyumba.

Ndinakataya mpukutuwo m'chimbudzi. Manja ndinasamba ndi petulo, kenaka ndi mchenga, kenaka ndi sopo, koma ndinkamvabe ngati ndanona. Mphika ndinautsuka, ndinathiramo oyilo watsopano, ndinamanga. Ndinaganiza kuti njira ina ilipobe: ndiwauze alamu zoona zokwanira kumasula amayi, koma zosafika pa achemwali.

Alamu anabwera dzuwa litapendeka. Tinakwera, ndipo galimoto inakwera chitunda chonse cha Mpingwe popanda kutsokomola ngakhale kamodzi. Titabwerera ndinatsegula boneti n'kuwauza kuti munali chisanza m'mphika wosefera mpweya, galimoto inkasowa popumira, basi. Kuti aone ndi maso awo ndinaphimba khosi la mphikawo ndi chikhatho injini ikulira. Inatsamwa. Ndinachotsa dzanja, inapuma. Ndinawagwira dzanja lawo kuti ayese okha, ndipo anayesa kawiri, akugwedeza mutu. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

"Chisanza," anatero.

"Eya, chisanza."

"Chinalowamo chokha?"

Ndinayamba kupukuta manja, iwo n'kupitiriza.

"Boneti yotseka, nati yomanga, chisanza n'kulowa chokha? Chili kuti ndichione?"

"Ndataya kuchimbudzi."

"Mwatayiranji msanga chonchi?"

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana cha kuseri kwa khitchini kumene amayi anabisala. Anandigwira paphewa mwachikondi, ndipo dzanja limenelo ndikulimvabe.

"Ndamva, alamu. Ndi amayi anu, simungawaulule. Sindikukuimbani mlandu."

Pamenepo ulemu unandithawa. Ndinawauza kuti mkulu wa mpingo woopa nkhalamba yotupa mwendo ndi wochititsa manyazi. Ndinawafunsa ngati mayi wa duku wa ku Nancholi nayenso anamukwezapo atafunda chilundu. Ndinanena zambiri, mokweza, mpaka anansi anafika pampanda. Alamu anangoloza geti n'kundiuza kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndikutola masipanala ndinaona achemwali ataima pakhomo la nyumba. Mawu amodzi ochokera kwa iwo akanakwana. Anatembenuka n'kuitana ana kuti akasambe.

Loweruka alamu anatuma akazi awo kukauza apongozi kuti galimoto ili yokonzeka kuwaperekeza kusiteshoni, kuti anthu asanene kuti anawachotsa mopanda ulemu. Amayi anakana ndi mawu amene sindingawalembe pano. Ine ndinabwereka njinga kwa mnzanga n'kukawadikira kunja kwa mpanda. Ndinawakhazika pakaliyala, mwendo wotupa uli lende, ndipo ndinaikankha njingayo wapansi mpaka ku Limbe. Achemwali ankatitsatira atasenza katundu yense wa amayi: mphasa yopinda, kadengu ka zovala, ndi poto mmodzi.

Kusiteshoni mbali ya ife anthu akuda inali yodzaza ndi mitolo, nkhuku ndi ana olira. Ndinakankhana ndi anthu mpaka ndinawapezera malo a pawindo. Amayi anandituma fodya kwa mayi wina wogulitsa panja, ndipo nditawapatsira anandigwira chala kanthawi. Kenaka anati, "Uzikawaona ana aja, ngakhale panjira ya kusukulu." Achemwali analira mokweza moti anthu ena anafunsa ngati kwagwa maliro. Ine sindinalire. Ndinangoima n'kumayang'ana chilundu cha amayi pawindo mpaka sitima itakhota. Ku Limbe sanabwererenso. Anamwalira dzinja lotsatira m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya abale aja, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Tsiku la sitimalo tinatuluka m'siteshoni limodzi ndi achemwali, ine ndikukankha njinga yopanda munthu. Tinadutsa masitolo a amwenye. Anali atapukuta misozi, akungofwenthera m'nsonga ya nsalu. Mumtima ndinayamba kufewa pang'ono. Ndinati mwina kulira konse kuja kwawatsegula maso, mwina akufuna kupepesa koma mawu akuwasowa. Titayandikira msika anachepetsa liwiro.

"Achimwene."

"Ee."

"Alamu anu dzulo anafika mochedwa. Dzananso. Galimoto ija ikuyendatu bwino tsopano."

Ndinapitiriza kukankha njinga. Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali wotimva, kenaka anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Kodi chinthu chija munachitayadi?"

Ndinakwera njinga n'kuwasiya ataima pomwepo.